Foni yanu ingakubweretsereni madola? Zoona zake pa nkhani yogulitsa zithunzi pa intaneti

Tengani foni yanu manje manje, mutsegule gallery. Muli zithunzi zingati umo? Ma selfie a pa kitchen party, mbale ya nsima na kapenta yamene munakopa musanasambe m'manja, mvula ikugwa pa malata a ba neighbour, dzuwa likulowa kumbuyo kwa Findeco House tsiku lamene basi inagwidwa mu jam pa Independence Avenue. Foni ikayamba kudandaula ati malo asila, mumadilita zonse mopanda chifundo.

Koma kuli anthu ku London, ku Johannesburg, ku Nairobi, olo muno mu Lusaka mwamene, amene nchito yawo ni kugula zithunzi tsiku na tsiku. Wina apanga poster ya banki, wina alemba lipoti ya bungwe loona za madzi, wina akonza website ya kampani ya solar. Onse afuna chithunzi cha anthu enieni, pa malo enieni, ndipo alibe nthawi olo ndalama yotumira munthu wa kamera kubwera ku Mtendere. Amalowa pa msika wa pa intaneti wochedwa stock photography, asakila, alipila, atenga.

Imwe mungaikeko katundu wanu pa msika umenewu, mahala. Koma tisanapite patali, nikuuzeni zoona: iyi si nchito yosiyira nchito. Ni ka tamanga kam'mbali, kofuna mtima wautali. Ngati muli kusakila ya rent ya mwezi uno, pitilizani pisiweki yanu. Ngati mungakwanitse kubyala lero nokolola chaka chamawa, khalani pansi tikambe.

Msika wake uyenda bwanji?

Ganizani za kantemba kamene katundu wake sasila. Tomato mukagulitsa, yapita. Chithunzi mukagulitsa pa stock, chikhalabe chanu. Wogula salipila kuti chikhale chake, alipila chilolezo chakuti achisebenzetse, chimene pa Chizungu amati licence. Ndiye kuti chithunzi chimodzi chingagulidwe lero na munthu wa ku Canada, mailo na wa ku Ghana, chaka chamawa na wa ku Kitwe, imwe muli gone. Kampani yamene ili na website itengako gawo lake, imwe ikupatsani lanu.

Maina akuluakulu ni atatu. Shutterstock inayamba mu 2003 ku New York, pamene Jon Oringer anaika zithunzi zake zokwana 30,000 zimene anajambula yekha. iStock inayamba mu 2000 ku Calgary, Canada, ndipo Getty Images inaigula mu 2006. Adobe Stock ni ya kampani ija yopanga Photoshop, ndipo ubwino wake ni wakuti ma designer ambiri amasakila zithunzi ali mkati mwa mapulogalamu a Adobe. Kulinso Alamy ya ku Britain, yamene manyuzipepala na osindikiza mabuku amaikonda.

Kulembetsa pa zonsezi kulibe malipilo. Mufunika kukhala na zaka 18 kupita pamwamba, email, na zithunzi zimene munakopa imwe mwekha. Ku Shutterstock na ku Adobe mutsegula akaunti ya contributor, ndiye kuti wopereka zithunzi, osati ya wogula. Ku iStock muyamba mwatumiza zitsanzo kupitila pa app yawo, akaziona nokondwa nazo ndiye akulandilani. Ndipo ngati simunasaine pangano lakuti muzagulitsa pa kampani imodzi chabe, chithunzi chimodzimodzi mungachiike ponseponse.

Chenjerani na maina ena atatu: Unsplash, Pexels na Pixabay. Kumeneko zithunzi amatenga mahala. Mungachuke, koma kuchuka sikugula unga.

Tiwerengere ndalama

Apa ndiye pamene ambiri amagwa mphwayi, so ni bwino mudziwiretu. Ku Adobe Stock, wojambula alandila 33 peresenti ya mtengo wa chithunzi, na 35 peresenti pa vidiyo. Ku iStock, ngati mugulitsanso kwina, muyambila pa 15 peresenti. Ku Shutterstock, kuchokera mu June 2020, kuli masitepe asanu na limodzi. Zithunzi 100 zoyamba kugulidwa mu chaka mulandila 15 peresenti. Kuchoka pa 101 kufika 250 ni 20 peresenti, mpaka pamwamba penipeni pa 40 peresenti, pamene pafika okhawo ogulitsa kupitilila 25,000 pa chaka. Chowawa ni ichi: pa 1 January aliyense abwezedwa pansi pa sitepe yoyamba.

Peresenti imveka bwino mpaka mutadziwa mtengo. Ogula ambiri amalipila pa mwezi monga bundle, ndiye chithunzi chimodzi chimawachipila maningi. Ku Shutterstock kandalama kochepetsetsa kamene mungalandile pa chithunzi ni 10 cents ya ku America, ndipo kameneka muzakaona kawirikawiri. Mukasintha mu kwacha, ni mtengo wa chitumbuwa chimodzi olo viwiri. Nthawi zina pabwera wogula wamkulu, wofuna chithunzi pa billboard kapena pa paketi ya katundu, ndiye mungaone madola angapo, olo makumi, pa chithunzi chimodzi. Koma izo zibwera monga mlendo, simungaikile mapulani.

Futi ndalama siituluka tsiku lililonse. Ku Shutterstock na ku Adobe ifunika ifike $25, ku iStock $100. Werengani mwekha: pa 10 cents, kuti mufike $25 mufunika kugulitsa ka 250. Munthu ali na zithunzi 20 angayembekeze mpaka imvi. Munthu ali na zithunzi 1,000 zabwino, zosiyanasiyana, pa ma website atatu, ayamba kuona kanthu kakugwa sabata na sabata. Nkhani yonse yagona apo: kuchuluka kwa katundu wabwino, na nthawi.

Chuma chanu chili pa khomo

Manje mufunse: pa Shutterstock pali zithunzi zopitilila 400 miliyoni, ine wa Tecno ningapikisane bwanji na mzungu wa kamera ya mtengo wa Corolla? Yankho ni yakuti musapikisane naye pa zimene iye ali nazo. Maluwa, kapu ya khofi, dzuwa likulowa pa nyanja, pusi ali gone pa sofa, izo ziliko mamiliyoni. Ngakhale Mosi-oa-Tunya na njovu za ku South Luangwa, alendo a makamera aakulu anazikopa kale mbali zonse.

Chitani ka test aka. Lowani pa website iliyonse mwa izi, mulembe "coffee", muone nambala. Mukatero lembani "chikanda", "ifisashi", "Chawama" olo "Zambian nurse". Kusiyana kwamene muzaona ndiye msika wanu.

Dziko likasakila Africa, kawirikawiri limapeza nyama zam'sanga, mwana wanjala, olo munthu wovala suti mu ofesi ya magalasi yamene sioneka ngati ili kuno. Pakati apo pali umoyo wathu weniweni, ndipo ndiye usowa. Mayi ali kutuma ndalama pa foni ali pa stand yake ya impwa na kalembula. Kalipentala wa ku Kalingalinga ali kupala thabwa m'mbali mwa msewu. Mnyamata wa welding ku Garden ali kupanga geti. Telala wa ku Kamwala pakati pa zitenge. Azimayi a chilimba ali kuwerenga ndalama pa mphasa. Mwana wa sukulu ali kulemba homework pa nyale ya solar usiku wa load shedding. Agogo ali kuphunzila WhatsApp kwa mdzukulu. Mbaula na malasha, tute na nshaba, michopo pa waya, munkoyo mu chigubu, bowa na masuku nthawi ya mvula, vinkubala mu beseni pa Soweto.

Mlendo angafike pa Soweto Market na kamera yake, koma azakopa ali patali, anthu atamufulatila olo atamukwiyila. Sangalowe m'khichini ya ba aunty anu pamene ali kupika chikanda. Sadziwa kuti jacaranda ichita maluwa mu September na October, kuti N'cwala ichitika kumapeto kwa February ku Mtenguleni, kuti Kulamba ni mu August ku Mkaika. Imwe mudziwa chitundu, mudziwa nthawi, ndipo anthu akudziwani. Icho palibe sitolo yogulitsa.

Mukamakopa, dzifunseni funso limodzi: nindani angagule ichi, kuti akambe chani? Chithunzi cha panel ya solar pa mtenje wa malata chikamba za magetsi. Dzanja la mlimi lili na chimanga chouma chikamba za chilala monga chija cha 2024. Mtsikana wovala ovolosi ali kukonza injini chikamba za akazi pa nchito. Chithunzi chopanda nkhani chingakhale chokongola, koma chizangokhala.

Nanga foni ikwanitsa?

Ikwanitsa, mukaisamala. Shutterstock na Adobe afuna chithunzi cha JPEG chosachepera 4 megapixels, ndipo mafoni ambiri a masiku ano apitilila pamenepo. Vuto si nambala, vuto ni kuwala na manja. Chithunzi chilichonse chimene mutuma chimayamba chaonedwa, achikulitsa mpaka aone kadontho kalikonse, ndipo chikakhala na vuto achikana nokuuzani chifukwa.

Yambani na kupukuta lens. Foni ikhala m'thumba na makiyi, igwidwa na manja a mafuta a chips, ndiye zithunzi zituluka monga muli nkhungu. Chachiwiri, kopani na kuwala kwa dzuwa, m'mawa isanakwane 09 hours kapena madzulo kuyambila 16 hours. Dzuwa la pa 12 hours liika mithunzi yakuda m'maso mwa munthu. Ngati ni chakudya, ikani mbale pafupi na windo olo pa khonde, flash muzime. Mu mdima kamera ya foni imadzaza chithunzi na timadontho monga mchenga, ndipo icho ndiye chifukwa chimodzi chachikulu chokanila.

Osachita zoom na zala, yendani na mapazi mufike pafupi. Zimani beauty mode na mafilter onse, chifukwa wogula afuna khungu la munthu, osati la chidole. Zimaninso kalemba kaja kamene mafoni ena amaika pansi pa chithunzi kuonetsa dzina la foni, ndipo dzina lanu musalembepo. Siyani malo opanda kanthu kumbali olo pamwamba, monga chipupa kapena thambo, pamene designer angaike mau ake. Kopani chogona na choimilila, chapafupi na chapatali. Koma osatuma zithunzi 30 zofanana za nkhuku imodzi, sankhani zitatu zabwino.

Chinanso: chithunzi chikapita pa WhatsApp olo pa Facebook, chimafinyidwa, mphamvu yake isila. Tumani chija chenicheni cha mu gallery. Ndipo sungani kope ina pa memory card kapena pa Google Drive, chifukwa foni mu town imapita na ma junkie mphindi imodzi.

Ngati manja anu sanjenjemera, yesani vidiyo. Tumavidiyo tifupitifupi, twa masekondi 5 kufika 60, tumalipila bwino kupambana zithunzi: nsima ikuvundulidwa, mashini yosokera ikuyenda, madzi akutuluka pa pompi. Tsamiritsani foni pa njerwa olo pa mpando kuti isagwedezeke. Koma vidiyo idya bundle, so dikilani ya usiku kapena Wi-Fi.

Nkhope ya munthu si tomato

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa, chifukwa pangakutayitseni akaunti, chibale, olo kukufikitsani ku polisi. Zithunzi zimene zigulidwa maningi ni za anthu. Koma kuti chithunzi cha munthu wozindikilika chigulitsidwe pa za malonda, munthuyo afunika kusaina pepala yochedwa model release. Ma website onse ali na fomu yake, mungaisindikize olo kusainila pa foni. Ngati ni mwana wosakwana zaka 18, asaina ni kholo kapena womulera. Ndipo kuzindikilika si nkhope chabe: tattoo, chipsera, olo kaimidwe kamene a pa komboni angati "uyu ni uje", zonse ziwerengedwa.

Manje mvetsani chimene pepala ija itanthauza. Munthu akasaina, avomera kuti chithunzi chake chingagulidwe na aliyense, kulikonse pa dziko, kwa zaka zambiri, ndipo sazalandilanso ndalama ina. Imwe simuzasankha wogula, nthawi zambiri simuzamudziwa n'komwe. Ba aunty anu amene munawakopa ali kuseka pa stand angapezeke pa poster ya banki, zimene ni zabwino. Angapezekenso pa chilengezo cha kampani ya nkhongole, olo pa nkhani ya matenda amene alibe. Malamulo a ma website amaletsa ogula kusebenzetsa chithunzi monyoza munthu, koma chikapita pa intaneti, kuchibweza ni nkhondo. Olo mutachichotsa pa akaunti yanu, amene anagula kale apitiliza kuchisebenzetsa.

Ndiye osanamiza munthu ati "ni ya pa Facebook chabe". Mufotokozereni mu chitundu chimene amva. Mungakambe motere: "Ba mayi, ine nimakopa zithunzi zogulitsa pa intaneti. Chithunzi chanu chingaoneke pa poster olo mu nyuzi, kuno kapena kunja, ndipo ine sinizadziwa kuti chapita kuti. Ngati simufuna, palibe mulandu." Akakana, yamikani nopita. Akavomera, werengani nawo pepala, muwasiyile kope yawo. Ngati munthu sadziwa kuwerenga, pakhale wachibale wake womuwerengera.

Ndipo musapite manja chabe. Gulaniko tomato yawo, apatseniko kangachepe ka nthawi yawo, kapena asindikizileni chithunzi chimodzi chabwino chakuti akoloweke m'nyumba. Mumvane poyamba, kuti tsiku lamene azadziona pa billboard pa Great East Road asaganize kuti munadya mamiliyoni pa nkhope yawo. Kusaina m'malo mwa munthu wina musayese n'komwe. Ni chinyengo, akaunti itsekedwa, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la Data Protection Act la 2021 loteteza nkhani za munthu payekha.

Njila yapafupi yoyambila ni iyi: yambani na a m'nyumba mwanu na anzanu amene amvetsa, kapena dzikopeni mwekha nosaina release yanu. Olo kopani manja chabe: manja akusenda nshaba, akuluka tsitsi, akugwira foni. Manja amakamba nkhani yonse, ndipo palibe wochita nawo manyazi. Ana a eni, odwala m'chipatala, anthu pa malilo, munthu woledzera m'ngalande, asiyeni. Kuvutika kwa mnzanu si katundu.

Ma logo na malo oletsedwa

Chachiwiri chimene chikanitsa zithunzi za mu town ni maina a makampani. Pa chithunzi cha malonda sipafunika kuoneka logo iliyonse. Manje yang'anani komboni yathu: booth ya Airtel apa, ya MTN apo, chipupa chopentedwa dzina la sopo, jersey ya Arsenal, kachizindikilo pa nsapato, nambala ya galimoto. Musanakope, yang'anani kumbuyo kwa munthu. Sunthani botolo, tembenuzani saka ya unga, pemphani mnzanu avale malaya opanda malemba. Chojambula cha pa chipupa kapena chosema cha ku Kabwata Cultural Village chili na mwine wake, ndipo chifuna chilolezo chake cholembedwa. Chimodzimodzi mkati mwa nyumba olo shopu ya munthu: pepala yake amati property release.

Nanga msewu wodzala anthu, monga Cairo Road pa 17 hours kapena mabasi pa Kulima Tower? Simungasainitse onse. Zotere ku Shutterstock na ku Alamy muzituma monga editorial, ndiye kuti zosebenzetsa pa nyuzi, mabuku na maphunzilo chabe, osati kutsatsa malonda. Pamenepo release siifunika, koma mufunika kulemba mzinda, dziko, tsiku na chimene chichitika, mwachoonadi. Ndipo chithunzi cha editorial osachotsamo olo kuikamo kanthu.

Koma kuvomera kwa website si kuvomera kwa anthu. Pa msika yambani mwaonana na a komiti, mufotokoze. Pa station kambani na oyang'anila, apo ayi muzafotokozera gulu lamene silifuna kumva. Mu mall ni malo a eni, alonda ali na mphamvu yokuletsani. Pa miyambo monga N'cwala na Kulamba, tsatilani zimene akuluakulu a mwambo alamula, makamaka pa Gule Wamkulu. Ndipo State House, ma barracks monga Arakan, na malo ena otetezedwa na boma, foni ikhale m'thumba. Malamulo a chitetezo cha dziko saseka, ndipo 10 cents siingakutulutseni mu cell.

Mau ndiye amagulitsa

Chithunzi chabwino chopanda mau chili monga shopu yopanda chitseko. Wogula sapenya zithunzi zonse, alemba mau mu kabokosi kosakila. So pa chithunzi chilichonse mulemba mutu na ma keyword, pa Chizungu. Shutterstock ifuna osachepera 7, osapitilila 50. Ku Adobe, mau 10 oyamba ndiye ali na mphamvu maningi, ndiye ikani ofunika patsogolo.

Tinene kuti mwakopa mbale ya nsima na ifisashi. Mutu ukambe chimene chilipo: Zambian nshima with vegetables in groundnut sauce. Pa ma keyword ikani dzina lathu na maina a anzathu, chifukwa wa ku Malawi azalemba nsima, wa ku Zimbabwe sadza, wa ku Kenya ugali, wa ku South Africa pap. Onjezani maize meal, staple food, lunch, traditional, Zambia, Lusaka, Africa. Ganizaninso za nkhani yamene ili kumbuyo, monga nutrition olo family meal. Koma osanama. Mukaika "lion" pa chithunzi cha nsima kuti chioneke kwambiri, muzangokwiyitsa ogula na oyang'anila.

Nchito iyi ya mau itopetsa kupambana kukopa, ndipo ndiye pamene ambiri amalekela. Sungani ma keyword anu mu notes ya foni, kuti chithunzi chofanana chikabwera mungosinthako pang'ono.

Ndalama ifika bwanji m'thumba?

Izi konzani musanatume chithunzi olo chimodzi. Ma website awa satuma pa mobile money. Amalipila kupitila mu makampani monga PayPal na Payoneer. Kwa zaka zambiri PayPal yolembetsedwa ku Zambia yakhala yotumila chabe, osati kulandila, ndiye chifukwa chake anthu ambiri ogwila nchito pa intaneti kuno amasebenzetsa Payoneer, yamene imatuma ndalama ku akaunti ya ku banki. Dzina la pa website, la pa Payoneer na la ku banki lifanane na la pa NRC kapena passport yanu, chilembo na chilembo. Akaunti ya chibwenzi olo ya cousin ali ku Joburg musasebenzetse. Chikondi chikasila, madola apita nacho.

Muzapezanso fomu ya msonkho ya ku America yochedwa W-8BEN. Musaiope, ingotsimikiza kuti sindinu nzika ya kumeneko. Koma dziwani kuti pa zithunzi zogulidwa na makasitomala a ku America angakudulenikoni mpaka 30 peresenti. Payoneer na banki nawo atengako kawo. Ndipo ndalama ikayamba kubwera yooneka, kumbukilani kuti TPIN yanu ya ku ZRA siili ya maluwa, funsani mmene mungalembetsere.

Akawalala nawo ali maso

Paliponse pamene pamveka dola, pabwera afisi. Muzaona mauthenga mu magulu a WhatsApp: lipilani kangachepe tikutsegulileni akaunti, lipilani tikuphunzitseni chinsinsi chopangila madola mazana pa sabata, tumani NRC yanu tikulembetseni. Kulembetsa ni mahala, ndipo maphunzilo ali pa ma website amenewo mahala. Aliyense wolonjeza ndalama yotsimikizika pa stock, olo wofuna PIN na password yanu, ni kawalala.

Naimwe musakhale kawalala. Kutenga chithunzi pa Google, pa Facebook ya mnzanu, olo chimene anakukopani wa studio, nokuchiika monga chanu, ni kuba. Kawirikawiri chithunzi ni cha amene anachikopa, ngakhale nkhope ili pamenepo ni yanu. Akakugwilani, akaunti itsekedwa, ndipo thukuta lonse lipita m'madzi.

Nanga AI siizatilanda msika?

Funso ili ni lazoona. Masiku ano munthu angalembe mau pa kompyuta, chithunzi chituluka. Zithunzi wamba, monga anthu ogwilana chanza mu ofesi, zagwa mtengo. Ma website nawo asiyana maganizo: Getty Images inaletsa zithunzi zopangidwa na AI mu 2022, pamene Adobe Stock imazilandila ngati mwalemba poyera kuti ni za AI. Dziwaninso kuti Shutterstock na Adobe amasebenzetsa zithunzi za ma contributor kuphunzitsila makina awo, ndipo amapatsako kandalama pa izo. Werengani pangano musanavomere.

Koma makina aphunzila pa zimene anaona, ndipo za kwathu anaona zochepa. Auzeni apange msika wa mu Lusaka, kawirikawiri azakupatsani malo amene sali ku Zambia, sali ku Nigeria, sali kulikonse. Ndipo nyuzipepala yolemba za kusefukila kwa madzi ku Kanyama ifuna Kanyama yeniyeni, ya tsiku lenileni. Chimene chili na dzina, malo na tsiku, icho chikali chofuna munthu woimilila pamenepo na foni m'manja.

Yambani na mwezi umodzi

Osagula kamera ya nkhongole, osapita kwa a kaloba. Sabata yoyamba tsegulani Payoneer na akaunti imodzi olo ziwiri, muwerenge malamulo awo. Sabata yachiwiri kopani zakudya na zinthu za pa nyumba, zosafuna release, mutume 20 zabwino kwambiri. Zina azazikana, ndipo chizawawa. Werengani chifukwa chimene apereka, ndiye sukulu yanu imeneyo. Sabata yachitatu pemphani munthu mmodzi wa pafupi, telala olo wa barbershop, musainilane pepala, mukope nchito yake kuyambila poyamba mpaka pothela. Sabata yachinayi khalani pansi na ma keyword. Mukatero pitilizani, olo zithunzi 10 chabe pa sabata. Pakutha kwa chaka zizakhala zapitilila 500.

Lembani m'kabuku ndalama yamene mwaononga pa ma bundle na transport, na yamene yalowa. Pakapita chaka muziwerengere mwekha ngati ni phindu. Mwina madola azakhala ochepa. Koma diso lanu lizakhala litasintha, ndipo luso lomwelo ndiye lifunika kwa mayi wogulitsa makeke pa Facebook, wa salaula wofuna zithunzi za katundu, na wa lodge wofuna kuonetsa zipinda zake. Amenewo alipila kwacha, pamanja, tsiku lomwelo.

Mailo m'mawa, musanathamangile basi, imani pa khomo mphindi ziwiri. Ba neighbour azakhala ali kukoleza mbaula, utsi ukukwera, dzuwa likali lofewa. Pukutani lens, muwapatse moni, muwapemphe.